Pansi pa Chambo

Zimene ndinataya ndi izi.

Mkazi wanga.
Kulira kwa makina osokera ndikamadzuka.
Munthu wondiuza kuti kolala yapindika ndisanatuluke m'nyumba.
Dzina limene tinasungira mwana amene tinali tisanakhale naye.
Kukoma kwa chambo.

Zina zonse zilipo. Ntchito ilipo, ndimaphunzitsabe pa sekondale ina kuno ku Mangochi. Nyumba ndi yomwe ija ya lendi kwa Mponda, kuseri kwa nyumba yaikulu ya amayi eni malo. Mtsuko nawonso ulipo kuseri kwa chitseko. Mchenga wake unauma kalekale, koma sindinautulutse.

Mkazi wanga anali telala. Tinakwatirana nditangomaliza koleji, ndipo m'chaka chachiwiri cha ukwati wathu anayamba kuonda. Madzi ankamwa ngati munthu wochokera kodula njerwa. Anthu a pampanda anayamba kutiyang'ana mmene amayang'anira banja lachinyamata mmodzi akamaonda. Tinakayezetsa magazi, sanapeze kanthu. Malungo analibenso. Amene anaona chizindikiro choyamba anali mwini wake. Nyerere zinkaunjikana m'bafa paliponse pamene wataya madzi.

"Aphunzitsi," anandiitana tsiku lina, poti ndi mmene ankanditchulira, "inu ophunzira, nyererezi zandiona chiyani?"

Kuchipatala anati ndi matenda a shuga, mtundu uja wofuna jakisoni tsiku lililonse moyo wonse. Amene anatiuza anali ndi mzere wautali panja. Analemba m'kabuku, n'kutilozera ku windo la mankhwala.

Pawindopo panali mayi wa msinkhu wapakati, wovala magalasi a chingwe. Anali katswiri wa mankhwala, koma anthu pamzere ankangowatcha adokotala monga amachitira ndi aliyense wovala zoyera. Mkazi wanga anawapatsa dzina lake: achemwali a pawindo. Atawerenga kabukuko anatiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"N'koyamba?"

Tinavomera.

"Khalani pa benchipo. Ndimalize kaye anthuwa."

Mzere utatha anatilowetsa m'kachipinda ka kuseri. Anatulutsa lalanje m'chikwama chawo, limene ndikhulupirira linali chakudya chawo cha masana, n'kuliika patebulo pamodzi ndi sirinji.

"Bayani lalanjeli."

"Ine ndimabaya nsalu tsiku lonse," anatero mkazi wanga.

"Ndiye dzanjalo likunjenjemera chifukwa chiyani, a telala?"

Anaseka onse awiri. Kenaka anandipatsa ine sirinjiyo, nati tsiku lina mkazi wanga adzadwala malungo, adzalephera kudzibaya. Anatisonyeza kabotolo ka insulini, mankhwala ooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndi mmene timayenera kukapukusira pakati pa zikhatho tisanakoke. Anati mu dirowa ya makina muzikhala maswiti, shuga akatsika mwadzidzidzi. Anati asamayende wopanda nsapato pa mchenga wotentha, ndipo madzulo aliwonse azidziyang'ana kuphazi. Pomaliza anafunsa ngati tili ndi filiji. Tinalibe.

"Mankhwalawa amafa," anatero. "Kutentha kumawapha. Akaundananso amafa. Ndiye choipa chake, akafa sanunkha. Mukhoza kumabaya madzi osadziwa."

Anatiphunzitsa za mtsuko. Kamphika kakang'ono kalowe mu mtsuko waukulu, pakati pake tithire mchenga, mchengawo tiziunyowetsa m'mawa ndi madzulo, pamwamba tiziphimba ndi nsalu yonyowa. Kabotolo kamene tikugwiritsa ntchito kazikhala m'kamphikamo. Mchenga ndinakatapa ndekha m'mbali mwa Shire. Nsalu yophimbira mkazi wanga anaipinda m'mbali ndi makina, ngati kuti kukubwera alendo odzaiona.

Thupi linabwerera. Anthu a pampanda anasiya kutiyang'ana. Mwezi uliwonse ankakwera kabaza kupita kuchipatala, ndipo pobwera ankandiuza zimene achemwali a pawindo anena. Ankamuvulitsa nsapato pomwepo kuti aone mapazi. Ankamufunsa zimene wadya dzulo, n'kumuuza kuti akunama. Mankhwala akachedwa kufika ankamuimbira foni tsiku limene afika kuti asavutike ulendo pachabe. Za mwana anawauza iwo asanandiuze ine. Iwo anati tidikire kaye shuga akhazikike, adzatiuza okha nthawi yokaonana ndi dokotala. Mkazi wanga anawasokera bulauzi ya chitenje. Poyamba iwo anakana kulandira, kenaka anaivala Lolemba lotsatira.

Chaka chimene ndikunenachi, kutangoyamba kutentha, achemwali aja anamuitanira kuseri. Anamuuza motsitsa mawu kuti insulini akusowa kumene amachokera, ndipo sakudziwa kuti wina adzafika liti. Anali atakambirana kale ndi dokotala. Anamupatsa timabotolo tokwanira miyezi ingapo.

"Koma osatsegulawa mtsuko sungawasunge nthawi yonseyo, makamaka ndi dzuwa likubwerali. Pezani filiji. Muwaike pa chitseko, osati m'mwamba moundana muja."

Filiji inalipo pafupi. Amayi eni malo athu ndi mayi wamasiye wachisilamu, wochita malonda a nsomba. Amagula chambo m'madoko n'kumatumiza ku Limbe. Pakhonde pawo pali mafiliza awiri akuluakulu a nsomba, ndipo pabalaza pali kafiliji kakang'ono ka madzi akumwa. Iwo ankamutcha mkazi wanga mwanangu, ine bwana ticha. Lachisanu lililonse akachoka kopemphera ankatitumizira nsomba, ndipo tikati tilipire ankakwiya.

Mkazi wanga anapita ndi timabotolo tija atatikulunga mu jumbo. Anatsegula yekha kafilijiko n'kuwasonyeza malo.

"Akhale apa, amayi, pa chitseko. Amafuna pozizira."

"Usade nkhawa, mwanangu. Ndiwasunga ngati dzira."

Mwezi wa Okutobala magetsi anavuta kwambiri. Ankazima m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka, tsiku lina osabwera n'komwe. Ndikamapita kuntchito ndinkawapeza amayi aja pakhonde akuphimba mafiliza ndi mabulangete, akulalatira anyamata awo kuti asatsegule chisawawa. Ayisi ankagula wa mabuloko. Sindinaganize kanthu. Mankhwala athu anali pabalaza, pa chitseko cha filiji.

Kabotolo ka mu mtsuko katatha, mkazi wanga anakatenga kena kwa amayi aja. Iwo anamuuza kuti adikire panja, nyumba sinasesedwe. Patapita kanthawi anatuluka nako kali m'dzanja.

Ku Mangochi mu Novembala aliyense amakhala ndi ludzu. Aliyense amatopa, aliyense amagona masana pakhonde pakamwa pali yasa. Mkazi wanga atayambanso kumwa madzi kwambiri tinati ndi dzuwa. Timapepala toyezera shuga pa kamakina kathu tinali titatha, ndipo m'masitolo a mankhwala a pa boma munalibe togwirizana ndi kamakinako. Jakisoni sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ndinkamuona m'mawa uliwonse atakhala m'mphepete mwa bedi, akupukusa kabotolo pakati pa zikhatho. Akamaliza ankanyowetsa mchenga.

Inalinso nyengo ya mango. Achibale ake atabwera kudzamuona anati akuba mango mobisa. Ine ndinamufunsa kamodzi.

"Aphunzitsi, mango ndimangowanunkhiza," anatero. "Kapena fungo nalonso lili ndi shuga?"

Anali ndi ntchito ya ukwati wa Loweruka: diresi la mkwatibwi ndi zovala za operekeza. Pakati pa sabata anawaimbira achemwali a pawindo, ine ndili pomwepo. Anawauza za ludzu ndi kutopa.

"Bwerani mawa m'mawa. Mutenge kabotoloko ndidzakaone."

"Ndibwera Lolemba, achemwali. Mkwatibwi angalowe m'tchalitchi ndi chitenje."

"Alowe ndi chitenje. Bwerani mawa."

Mkazi wanga anati chabwino. Kutacha anati akumva bwinoko, angomaliza manja a diresi. Madzulo ake achemwali aja anaimbanso, iye n'kulonjeza Lachisanu masana.

Lachisanu ndinaweruka msanga kuti ndimuperekeze. Ndinamupeza ali pansi pafupi ndi makina. Anali atasanza. Ankapuma mozama ngati munthu wokwera phiri, ndipo mpweya wake unkanunkha ngati zipatso zoyamba kuola. Diresi linali pa mpando, litatha, litasitidwa. Pa kabaza sakanatha kukhala. Amayi eni malo anatsitsitsa mabokosi m'galimoto lawo la nsomba, nayala mphasa ndi chitenje chawo. Tinapita pa galimoto limenelo.

Mu wodi anamuika madiripi. Achemwali a pawindo anafika pasanapite nthawi, atanyamula insulini wa mtundu wina, woyera ngati madzi, amene ankasungira odwala obwera chonchi. Atapereka kwa anamwino anatembenukira kwa ine.

"Kabotolo kaja mwabwera nako?"

Ndinali nditakaika m'thumba la shati. Anapita nako pa zenera, n'kukakweza pa kuwala, n'kukatembenuza pang'onopang'ono. Anandiitana. M'kati mwa galasi munali timibulu ting'onoting'ono tomatirira, tosasungunuka ngakhale upukuse bwanji. Pepala la pa botolo linali lokwinyika ngati linanyowapo n'kuuma.

"Awa anaundanapo," anatero.

"Ayi. Anali pa chitseko cha filiji. Anaika yekha."

Sananditsutse. Anakaika m'thumba la gauni yawo.

Tsiku lachiwiri mkazi wanga anatsegula maso. Anandizindikira. Anafunsa ngati diresi analitenga, ndinati analitenga. Shuga anali atayamba kutsika, koma mkodzo unali utasiya kutuluka. Dokotala ananditengera pakhonde n'kundiuza kuti impso zavulala, ayenera kupita ku chipatala chachikulu, akukonza za ulendo. Tinayamba kudikira.

Lamulungu masana, nthawi yoona odwala, kunabwera amayi eni malo ndi phala mu fulasiki. Achemwali a pawindo analiponso. Silinali tsiku lawo la ntchito. Anabwera kuchokera ku tchalitchi, atavala bulauzi ija, ndipo anaima kumiyendo kwa bedi.

Amayi aja anakhala pa mpando, nagwira dzanja la mkazi wanga.

"Pepa, mwanangu. Uchira, Inshallah. Ndipo za mankhwala ako usaganize, ali bwinobwino. Magetsi atayamba misala yawo ija, kafiliji kaja kankafunda ngati thumba la malaya. Ndinati ayi, mwana wa eni ake angandifere. Ndinawachotsa. Ndinawaika mu filiza yaikulu, pansi penipeni, chambo pamwamba, ayisi pamwamba. Mmene muja ngakhale magetsi apite masiku angati simufunda. Ali gwa ngati mwala. Tsiku lija unabwera kudzatenga ndinachita kuwaviika m'madzi kuti asungunuke, ndinaopa kukupatsa chinthu cholimba."

Ananena monyadira, akuyang'ana kwa achemwali aja kuti awayamikire.

Ndaganiza za mawu amenewa nthawi zambiri. Palibe cholakwika m'maganizo awo. Pa ntchito ya nsomba palibe amene anatayapo katundu chifukwa wazizira kwambiri. Chimene amawopa ndi kufunda basi. Chamtengo wapatali chimapita pansi, pamene ayisi amathera kusungunuka. Anaika mankhwala a mkazi wanga pamalo pamene amaika chambo chachikulu kuposa zonse. Ife tinawauza kuti amafuna pozizira. Iwo anawapatsa pozizira kwambiri pamene anali napo.

Achemwali a pawindo anavula magalasi, nawasiya alendewere pa chingwe. Anayang'ana mkazi wanga. Mkazi wanga anawayang'ananso, n'kupukusa mutu pang'ono, pang'ono kwambiri moti amayi aja sanaone.

"Mwachita bwino kubwera, mayi," anatero achemwaliwo. "Phalali amwa akadzuka bwino."

Amayi aja anapemphera m'chinenero chawo, manja atatambasula, n'kutsanzika. Anati Lachisanu adzamuphikira okha chambo cha msuzi.

Mkazi wanga anamwalira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ulendo uja usanatheke. Amayi aja atatuluka, analankhula nane pang'ono, kenaka anagona, ndipo sanadzukenso. Anamwino anati mtima unaima.

Tinakamuika kwawo, mudzi wa asodzi kunyanja. Galimoto la nsomba lija ndi limene linanyamula anthu a pampanda. Amayi eni malo anakhala ndi azimayi kuphika masiku onse a maliro, ngakhale sanali a mpingo wathu, ndipo analira kuposa ena a pa chibale.

Patapita milungu ingapo anandibweretsera jumbo ija. Inali yozizira, ikudontha madzi, ikununkha nsomba.

"Bwana ticha, mukapereke kuchipatala. Athandize ena."

Ndinapita nayo. Pa windo panali mzere, ndipo ndinamva achemwali aja akuuza bambo wina wachikulire kuti insulini sanafikebe, ayesere sabata ya mawa. Bamboyo anati wachokera ku Chiponde. Anapinda kabuku kake n'kukaika m'thumba. Ndinakhala pa benchi lomwe lija mpaka mzere unatha.

M'kachipinda ka kuseri anamasula jumbo ija, natulutsa timabotolo totsalato. Anatikweza pa kuwala kamodzikamodzi, ngakhale ankadziwa kale. Kenaka anatiponya m'bokosi la mankhwala okawotcha.

"Ndinakupatsani ambiri ndine," anatero. "Ndikanamakupatsani kamodzikamodzi, sibwenzi mutafuna filiji."

"Bwenzi atatha," ndinayankha. "Bwenzi ali pamzere ndi bambo aja."

Sanakane. Panja wina ankagogoda pa windo, iwo sanadzuke msanga.

Anandiuza kuti tsopano safunsanso kuti muli ndi filiji basi. Amafunsa kuti filijiyo ndi ya yani, amasungamo chiyani, magetsi akazima mwini wake amatani. Amauza odwala kuti abwere ndi mwini filiji kuti amve yekha. Ena amabwera nawo, ambiri sabwera nawo. Anati zonsezi n'zothandiza mankhwala akakhalapo.

"Mukufuna ndikalankhule nawo amayi aja? Ndikhoza kunena mosawapweteka."

Ndinati ayi.

"Nanga wina akadzawasungitsa mankhwala?"

Ndinati pampanda pathu palibe wina wodwala shuga. Akadzapezeka ndidzaona chochita. Sindikudziwa kuti ndidzachita chiyani.

Ndikadutsa pa chipatala masiku ano sindilowa. Nthawi zina timakumana pa msika. Amandifunsa ngati ndikudya, amandiuza kuti ndikunama, ndipo timasiyana.

Anzanga a kuntchito amati ndisamuke, nyumba imeneyi ikundidya. Ndinayesapo kufunsa nyumba ina cha ku boma. Amayi eni malo atamva anabwera pakhomo, nakhala pa sitepe, nandifunsa chimene andilakwira. Anati mwana wawo anapita, tsopano ndikufuna kuwasiyanso ine. Ndinati palibe chimene alakwa. Sindinasamuke.

Lachisanu lililonse nsomba imabwerabe. Amabweretsa okha, m'mbale yophimba, chifukwa amati mwamuna yekha sangathe kupala mamba. Ndimalandira ndi manja awiri, ndimathokoza. Amaima pang'ono pakhomo, n'kuyang'ana makina osokera amene ndinaphimba ndi nsalu, n'kunena kuti Mulungu ndiye amadziwa. Ndimavomera. Akapita ndimakhala ndi mbaleyo patebulo mpaka itazizira. Kutaya sindingataye. Ndimadya, koma sindimva kanthu m'kamwa.

Anthu amandifunsa chimene chinachitika, poti ankaoneka bwino. Ndimati shuga. Achibale ake mpaka lero amati anali mango, ndipo ndimawasiya. Odziwa zoona tilipo awiri, ine ndi achemwali a pawindo, ndipo tonse tikusunga zimene tinauzidwa, iwo ndi mutu uja unapukusidwa, ine ndi mawu.

Lamulungu lija amayi aja atatuluka mu wodi, achemwali anawaperekeza mpaka pakhomo kuti atisiye awiri. Fulasiki ya phala inali pa kabati. Ndinali nditaimirira, sindikudziwa kuti ndinkafuna kupita kuti. Mkazi wanga anandikoka shati. Milomo yake inali youma, yosweka, ndipo ndinachita kuwerama kuti ndimve. Anakonza kolala yanga ndi zala ziwiri. Kenaka anayesa kumwetulira.

"Aphunzitsi, amayi aja musakawauze. Angasiye kutipatsa nsomba."